Ulendo wa ku Zomba: Mbiri ya Udotolo wa Matenda a Maganizo m'Malawi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kulowera ku Mulanje kudzera pa boma la Thyolo salephera kucheukacheuka akangopitirira Bvumbwe. Zitunda zonse zimaoneka ngati zayalidwa nsalu yobiriwira, pakuti kumeneku ndiye kuchimake kwa minda ya tiyi monga Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Conforzi. M'nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphukira mwamsanga, amuna ndi akazi amalawirira mbandakucha, madengu ali kumsana, kukathyola nsonga za masamba zimene zimatumizidwa ku fakitale tsiku lomwelo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma limeneli mudali anthu oposa 720,000.

Anthu amenewa amadwala monga adwalira anthu ena onse. Wina amagwidwa ndi malungo, wina chifuwa chachikulu, wina amadzitema ndi chikwanje ali pa ntchito. Koma alipo matenda ena amene anthu sakonda kuwatchula pagulu, ndiwo matenda a maganizo. Mayi amene wangochira kumene angathe kutaya chimwemwe chonse, osagona tulo, osafuna kudya, osalabadira ngakhale kulira kwa khanda lake. Mnyamata amene adali wanzeru kusukulu angathe kuyamba kumva mawu amene anzake sakuwamva. Odwala otere amayamba aonedwa ndi anamwino pa chipatala cha boma, koma matenda akakula ambiri amatumizidwa ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa. Kodi n'chifukwa chiyani dziko limene lakhala likusula madotolo ake kuyambira m'chaka cha 1991 lili ndi akatswiri ochepa chotere a matenda a maganizo? Nanga wophunzira udotolo akamasankha nthambi yoti azamemo, chimamukoka kapena kumubweza n'chiyani? Mayankho a mafunsowa sangamveke bwino popanda kubwerera m'mbuyo.

Kale, zipatala zisanabwere, munthu wosokonezeka mutu adali udindo wa abale ake. Akuluakulu a banja ankayamba afufuza gwero la vutolo: kaya ndi mizimu ya makolo imene yakwiya, kaya ndi ufiti, kaya wodwalayo adaphwanya mwambo wina. Ankapita naye kwa sing'anga, ndipo pakati pa Alomwe padali gule wa nantongwe wochizira ogwidwa ndi mizimu, monga momwe Atumbuka alili ndi vimbuza. Wodwala wofatsa ankakhala pamudzi, kumadya ndi anzake ndi kumagwira tintchito timene angathe. Wolusa ankamangidwa ndi zingwe kapena kuikidwa m'goli kuti asavulaze anthu. Njira zimenezi zidali ndi nkhanza zake, komabe wodwala sankachotsedwa pakati pa anthu ake. Mwambi woti wamisala adaona nkhondo ukuchitira umboni kuti makolo ankadziwa kuti munthu wodwala mutu nayenso ali ndi mawu oyenera kuwatchera khutu.

Moyo wa pamudzi umenewu udagwedezeka pamene Azungu adatenga malo aakulu m'dera la mapiri a Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka adafika ku Thyolo, kumene masiku amenewo kunkalembedwa kuti Cholo. Munda wa Satemwa, mwachitsanzo, adauyamba ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923. Antchito ambiri a m'minda ya m'derali adali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene adathawa ulamuliro wouma mtima wa Apwitikizi. Pofuna pokhala, iwo ankalola kugwira thangata, ndiye kuti kulipira malo ndi thukuta lawo. Munthu wotere adali kutali ndi manda a makolo ake, ndipo nthawi zina adali kutalinso ndi abale amene akadamusunga atadwala. Boma la atsamunda lidalibe chidwi ndi maganizo a wantchito. Linkamuona pokhapokha akachita chinthu choopsa, monga kutentha nyumba kapena kuvulaza munthu, ndipo zikatero woitanidwa adali wapolisi.

Ichi ndicho chifukwa chake malo oyamba osungirako odwala misala mu Nyasaland, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1910, adali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba. Owayang'anira adali asilikali a ndende, ndipo cholinga chachikulu chidali kutsekera odwalawo kuti asavutitse anthu kunja. Zinthu zidakhala choncho kwa zaka pafupifupi 40. M'chaka cha 1936 madotolo awiri a boma, Shelley ndi Watson, adasindikiza zimene adapeza atafufuza odwala a m'malowo. Iwo adaona kuti chiwerengero chachikulu ndithu chidali cha amuna amene adapitako kusukulu, ndi kuti zolubwalubwa za ena mwa iwo zinkakhudza chuma, maudindo ndi moyo wa Chizungu. Azungu ena a nthawi imeneyo adali ndi maganizo olakwika akuti maphunziro amasokoneza mutu wa munthu wakuda. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene adasindikiza kafukufuku wake wa malo amenewa m'chaka cha 1983, adasonyeza kuti nkhani ya misala m'masiku a atsamunda idalukana ndi nkhani ya ulamuliro ndi kusintha kwa moyo wa anthu.

Kusintha kudayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. M'chaka cha 1948 boma lidakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka odwala misala, ndipo lamulo limeneli lidagwira ntchito kwa zaka zoposa 70. Chaka cha 1953 anthu a ku Thyolo amachikumbukira chifukwa cha zipolowe zimene zidabuka m'mwezi wa Ogasiti pa nkhani za malo, thangata ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Zipolowezo zidafalikira m'maboma ena a kummwera ndipo anthu 11 adaphedwa. M'chaka chomwecho ku Zomba kudatsegulidwa chipatala chatsopano cha matenda a maganizo, chimene chidali m'manja mwa dipatimenti ya zaumoyo. Nthawiyo idali yabwino, pakuti m'chaka cha 1952 madotolo a ku Paris adali atayamba kugwiritsa ntchito mankhwala otchedwa chlorpromazine, amene amaziziritsa mtima wa wodwala wolusa ndi kuchepetsa mawu amene amamva m'mutu. Mwayi udakula woti wodwala agonekedwe, apeze bwino, abwerere kwawo. Thangata adathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, koma fungo la ndende limene lidamatirira matenda a maganizo padalibe lamulo lolichotsa.

Nkhani ya madotolo eni ake idayenda njira yakeyake. Mmalawi woyamba kukhala dotolo, Daniel Sharpe Malekebu, adaphunzira pa sukulu ya Meharry ku America ndipo adatsiriza m'chaka cha 1917. Hastings Kamuzu Banda adatsiriza pa sukulu yomweyo m'chaka cha 1937 asanapite ku Scotland. M'dziko muno munkaphunzitsidwa othandiza madotolo okha, ndipo mishoni ya Malamulo ku Makwasa, imene mpingo wa Seventh-day Adventist udatenga m'chaka cha 1902, idatchuka pa ntchito imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, achinyamata ofuna udotolo adapitirizabe kutumizidwa kunja, ndipo ambiri sadabwerere. Owerengeka amene adabwerera adapeza zipatala zodzaza ndi ana odwala chikuku ndi malungo, komanso amayi ovutika pobereka. Kusiya zonsezi n'kupita ku Zomba kudali kovuta kukuganizira. Motero kwa zaka zambiri chipatala cha Zomba chidadalira madotolo ochokera kunja, obwera kwa kanthawi, ndipo mzati weniweni wa ntchitoyi adali anamwino ophunzira za matenda a maganizo pamodzi ndi othandiza madotolo.

Sukulu ya udotolo ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991 ngati nthambi ya University of Malawi, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth chimene anthu amachitcha Gulupu. Kuyambira m'chaka cha 2021 sukuluyi ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira ake oyamba adayambira maphunziro awo ku Britain, Australia ndi South Africa, n'kudzamalizira kuno. Koma zaka zimenezo ndizo zaka zimene Edzi idafika pachimake. Odwala ankagona mpaka pansi m'mawodi, ndipo mphamvu zonse za aphunzitsi ndi ophunzira zidapita kumene imfa inkaoneka ndi maso. Kumpoto, achipembedzo a gulu la St John of God ochokera ku Ireland adafika ku Mzuzu m'chaka cha 1993 nayamba ntchito yosamalira odwala maganizo. M'chaka cha 2003 adatsegula koleji imene imaphunzitsa anamwino ndi ma clinical officer ukatswiri wa matenda amenewa. Ngakhale zidali choncho, chapakati pa zaka za m'ma 2000 dziko la anthu pafupifupi 13 miliyoni lidali ndi dotolo mmodzi yekha wa matenda a maganizo m'zipatala za boma, Dr Felix Kauye, amene adakazamira ukatswiriwu ku South Africa.

Mbiri imeneyi ndiyo imaunikira zimene zimachitika mumtima mwa wophunzira udotolo akafika pa mphambano. Chinthu choyamba chimene chimamubweza ndi manyazi amene adayambira ku ndende ija. Wophunzirayo sachokera kumwamba. Adakulira m'mudzi kapena m'tauni momwe mawu oti "ku mentolo" amatchulidwa moseka kapena moopseza. Makolo amene adathyola tiyi kapena kugulitsa nthochi kuti apeze fizi amalakalaka kuuza anzawo kuti mwana wawo amachita maopaleshoni. Ilipo ngakhale nthabwala yoti dotolo wa amisala potsiriza amapenga nayenso. Kafukufuku amene adachitika pa chipatala cha Gulupu, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2012, adapeza kuti anthu ambiri ankati matenda a maganizo amayamba chifukwa cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kapena chifukwa cha matenda a mu ubongo, komanso ambiri mwa anthu omwewo ankakhulupirira kuti mizimu imatengapo mbali. Choncho dotolo wachinyamata amadzifunsa ngati odwala adzafika kwa iye msanga, kapena adzayamba azungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero, n'kudzafika matenda atakula.

Chinthu chachiwiri ndi mphunzitsi. Mwana amaphunzira kulima poona khasu la make, ndipo wophunzira udotolo amasirira ntchito imene waona munthu wina akuigwira mwaluso. Akatsiriza maphunziro, dotolo watsopano amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18, ndipo nthawi yaikulu amaithera m'nthambi zinayi: matenda a ana, uchembere ndi matenda a amayi, maopaleshoni, ndi matenda a m'thupi a akuluakulu. M'nthambi zimenezi amakumana ndi akatswiri tsiku ndi tsiku. Ku Thyolo komweko chitsanzo chilipo: kuyambira m'chaka cha 2014 chipatala cha Malamulo chakhala chikusula madotolo a maopaleshoni, chifukwa kudapezeka akatswiri okhazikika owaphunzitsa. Matenda a maganizo adalibe mwayi wotere. Munthu mmodzi sakadatha kuyendetsa chipatala cha Zomba, kulangiza unduna ndi kuphunzitsa ophunzira onse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pozindikira zimenezi, madotolo a ku Scotland adayambitsa bungwe la Scotland Malawi Mental Health Education Project chapakati pa zaka za m'ma 2000. Chaka ndi chaka akatswiri odzipereka ankabwera kwa milungu ingapo kudzaphunzitsa, ndipo ophunzira ankapita ku Zomba kukacheza ndi odwala maso ndi maso. Wophunzira amene waona mayi wolusa akufika atamangidwa, n'kudzamuonanso patapita milungu akuseka ndi kufunsa za ana ake, sayiwala zimene waonazo.

Chinthu chachitatu ndi malo ophunzirira ukatswiriwo. Kwa nthawi yaitali, wofuna kuzama pa matenda a maganizo adayenera kutuluka m'dziko kwa zaka zingapo, ndipo thandizo la ndalama lolipirira maphunzirowo lidali losowa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 College of Medicine idatsegula maphunziro a ukatswiri umenewu mothandizidwa ndi boma la Scotland ndiponso mogwirizana ndi University of Cape Town. Gawo lina la maphunzirowo linkachitikira m'Malawi, gawo lina ku Cape Town. Ophunzira oyamba adali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo ena mwa iwo adali Dr Kazione Kulisewa ndi Dr Olive Liwimbi. Kufunika kwa nkhani ya malo kudaoneka bwino m'kafukufuku amene Kate Mandeville ndi anzake adasindikiza m'chaka cha 2016 atafunsa madotolo achinyamata 148 a m'dziko muno. Madotolowo adasonyeza kuti amakonda kuyamba ukatswiri mosachedwa, kuphunzirira kunja, ndi kulowa m'nthambi zinayi zodziwika zija. Ambiri akadalola kuphunzira zaka zonse m'Malawi pokhapokha malipiro awo atachulukitsidwa pafupifupi kawiri. Kuti alowe udotolo wa maso, umene m'kafukufukuyo udaimira nthambi zofunika koma zosakondedwa, ankafuna malipiro ochulukitsidwa kopitirira kasanu ndi kamodzi. Ziwerengero zimenezi zikusonyeza kutalika kwa phiri limene nthambi ngati ya matenda a maganizo iyenera kukwera.

Chinthu chachinayi ndi tsogolo la ntchito. Dotolo woyamba m'banja sadya yekha. Kumbuyo kwake kuli azing'ono ofuna fizi ndi makolo okalamba ofuna malata pa denga. Katswiri wa maopaleshoni kapena wa uchembere angathe kuwonjezera malipiro ake poona odwala m'zipatala zolipira za m'tauni. Odwala maganizo ambiri ndi osauka, chifukwa matendawo amayamba alanda munthu ntchito, ndipo chithandizo chawo chimatenga miyezi kapena zaka. Palinso vuto la kusowa kwa mankhwala m'zipatala nthawi zina, limene limapweteka kwambiri dotolo amene akudziwa kuti wodwala wake akadumphitsa mankhwala matenda ayambiranso. Pamwamba pa izi, mayiko olemera monga Britain nawonso ali ndi njala ya akatswiri a matenda a maganizo, ndipo amakopa ochepa amene mayiko a mu Africa asula. Kotero kusula katswiri ndi ntchito imodzi, kumusunga ndi ntchito inanso.

Komabe si zonse zimene zimabweza wophunzira. Chilipo chinthu chachisanu chimene chimamukoka, ndicho chilankhulo. Dotolo wa mafupa amajambula mwendo n'kuona pamene pathyoka. Dotolo wa maganizo chida chake chachikulu ndi kufunsa ndi kumvetsera. Mayi wa ku Thyolo sanganene dzina la matenda ake monga lalembedwera m'mabuku a Chingerezi. Iye amati akuganiza kwambiri, mtima ukumupweteka, m'thupi monse mwafooka. Mawu oterewa amawamva bwino ndi munthu amene adayamwira chilankhulocho, wodziwa tanthauzo la chikamwini, kulemera kwa maliro ndi mantha a ufiti. Ku Cape Town wophunzira Wachimalawi amaona zipatala za zipangizo zokwanira ndi akatswiri a nthambi zosiyanasiyana, koma odwala ake ambiri amalankhula Chixhosa kapena Chiafrikaans. Ichi ndicho chifukwa chake zaka zophunzirira kwawo zili ndi phindu limene silingagulidwe kunja. M'nthambi imeneyi mwana wa pamudzi ali ndi chuma chimene katswiri wobwera, kaya aphunzire chotani, amachipeza movutikira.

Umboni wa mfundo imeneyi udachokera ku Thyolo. Robert Stewart, Eric Umar, Felix Kauye ndi anzawo adachita kafukufuku pa chipatala cha boma cha Thyolo pakati pa amayi obwera ndi makanda ku sikelo kudzabayitsa katemera. Poyamba adamasulira m'Chichewa mafunso 20 a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ofufuzira ngati munthu ali ndi nkhawa kapena matenda okhumudwa, nayesa ngati mafunsowo akugwira bwino ntchito m'chilankhulochi. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa pakati pa 2008 ndi 2010, zidasonyeza kuti mwa amayi 10 alionse pafupifupi atatu adali ndi matenda okhumudwa, ena pang'ono ena kwambiri. Zidasonyezanso kuti makanda a amayi ovutika maganizo adali ofupikirapo msinkhu poyerekeza ndi makanda anzawo a miyezi yofanana. Apa padaoneka poyera kuti matenda a maganizo sali ku Zomba kokha kuseri kwa mpanda. Ali pa mzere wa sikelo, ali pa mayi amene wabereka mwana kumbuyo, ndipo amakhudza kakulidwe ka mwanayo. Wophunzira amene adalowa udotolo pofuna kupulumutsa ana angathe kuona kuti njira imodzi yofikira mwana imadzera m'maganizo a make.

Boma la Thyolo lidapatsanso dziko phunziro lina. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito m'bomali m'chaka cha 1997, ndipo m'chaka cha 2003 lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Madotolo adali ochepa kwambiri, motero ntchito yoyambitsa ndi kutsatira mankhwalawo idaperekedwa kwa ma clinical officer, othandiza madotolo ndi anamwino, pamene alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka adatenga ntchito zina m'midzi. Pofika m'chaka cha 2007 ambiri mwa ofunika mankhwalawo m'bomali adali atayamba kulandira. Nzeru yomweyo ndiyo ikufunika pa matenda a maganizo, ndipo si yachilendo mu Africa. M'chaka cha 1954 dotolo wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, adayamba kusunga odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro ku Abeokuta, aliyense ali ndi mbale wake womudikirira, ndipo adagwira ntchito limodzi ndi asing'anga. M'chaka cha 2008 bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa mhGAP yothandiza ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono kuzindikira ndi kuchiza matenda amenewa. Dr Kauye nayenso adayesa njira yotere pophunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono za m'boma la Machinga.

Zimenezi zikusintha chithunzi cha ntchito ya katswiri wa matenda a maganizo. Masiku a ndende, woyang'anira odwala adali mlonda wosunga makiyi. Masiku a chipatala cha 1953, dotolo adali munthu mmodzi wodikira odwala pa malo amodzi. Lero katswiri amayembekezeka kuona odwala ovuta kwambiri, kuphunzitsa anamwino ndi ma clinical officer, kuyendera zipatala za m'maboma, kufufuza ndi kulangiza opanga malamulo. Katswiri mmodzi wotere angathe kuthandiza wantchito wa m'munda wa tiyi amene sadzaonana naye n'komwe, kudzera mwa namwino amene iye adamuphunzitsa. Wophunzira wofuna ntchito imene dzanja lake lidzaonekere m'dziko lonse apeza kuti munda umenewu ukadali ndi malo ambiri osalimidwa.

Mbiri ya zaka zoposa 100 imeneyi ikusonyeza kuti kuchepa kwa akatswiri a matenda a maganizo sikudabwere chifukwa choti achinyamata a m'Malawi alibe chifundo. Nthambiyi idabadwira m'ndende, idakula yopanda aphunzitsi, ndipo idachedwa kupeza sukulu yakeyake. Pamene aphunzitsi adapezeka ndipo khomo la maphunziro lidatsegulidwa, ofuna kulowa adapezeka, ngakhale adali ochepa. Amene adalowa poyamba aja ndiwo tsopano aphunzitsi ndi zitsanzo za obwera m'mbuyo mwawo, chinthu chimene iwo eni adachisowa. Otsala ndi mafunso amene boma ndi sukulu za udotolo ziyenera kuyankha: ndani adzalipirira maphunzirowo chaka ndi chaka popanda kudalira abwenzi akunja, ndipo katswiri akatsiriza adzapeza mankhwala, anzake ogwira nawo ntchito ndi malipiro omukhazika m'dziko muno?

Ena mwa amene adzafike pa mphambano imeneyi akadali m'makalasi a sekondale ku Thyolo, ku Luchenza ndi ku Malamulo. Ambiri mwa iwo akudziwa nyumba ina m'mudzi mwawo imene muli munthu wosatuluka panja, kapena mnzawo amene adasiya sukulu mutu utasokonezeka. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo matenda a maganizo sasankha banja. Tsiku limene mmodzi wa ophunzira amenewa adzavale chovala choyera n'kufunsidwa nthambi imene akufuna, adzayeza malipiro, ulemu ndi malo ophunzirira monga adachitira amene adamutsogolera. Pa sikelo yomweyo padzafunika kuikaponso mayi wa pa mzere wa katemera uja, ndi mtunda wa makilomita 100 umene abale a wodwala amayenda kuchokera ku minda ya tiyi kukafika ku Zomba.